Ndikanapita Kumene Cholembera Sichinafike

Funso loti "makina obwerera m'mbuyo atapezeka, ungapite ku tsiku liti?" limamveka ngati macheza a ana, koma akuluakulu akaliyamba salisiya msanga. Ine chimene chimandikopa ndi mayankho ake, chifukwa ambiri amagwera pa masiku omweomwewo. Wina amatchula pa 20 July 1969, pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda pamwezi. Wina amati usiku wa pa 9 November 1989, anthu a ku Berlin atakwera pamwamba pa khoma limene linawalekanitsa kwa zaka 28. Ambiri amafuna masana a pa 11 February 1990, Nelson Mandela akutuluka pachipata cha ndende ya Victor Verster atagwirana dzanja ndi Winnie, patatha zaka 27. Akhristu sazengereza, amati ku Yerusalemu m'masiku a Pontiyo Pilato, Lachisanu lija ndi m'mawa wa Lamulungu. Asilamu amatchula chaka cha 622, ulendo wa Mtumiki Muhammad wochoka ku Makka kupita ku Madina. Pa maulendo achikhulupirirowa ndilibe chotsutsa. Munthu akufuna kukaona ndi maso chimene mtima wake unagwiritsa kalekale, ndipo ndimamulemekeza.

Koma masiku atatu oyambawo amandidabwitsa kuti anthu amawathamangira. Ndi masiku amene anajambulidwa kale mbali zonse. Mawu a Armstrong tili nawo, zithunzi zilipo, ngakhale zimene ankakambirana ndi oyang'anira ulendowo ku Houston zinasungidwa. Pa tsiku la Mandela, munthu amene ankaonera pa wailesi yakanema anaona nkhope yake bwino kuposa amene anaima m'chigulu kunja kwa ndende, dzuwa likuswa mtengo, akusuzumira pamapewa a anzake. Ndikudziwa kuti kuonera pakanema n'kosiyana ndi kukhalapo, pakuti mfuu wa khamu umalowa m'thupi mwanjira imene sipika singathe. Komabe ngati ulendowo ndi umodzi wokha, wosabwereza, zimandiwawa kuuthera pa tsiku limene aliyense angalionere pafoni lero lomwe.

Palinso china chimene timaiwala: masiku ambiri akuluakulu ankaoneka aang'ono kwa amene analipo. Pa 17 December 1903, pamchenga wa kufupi ndi Kitty Hawk ku North Carolina, Orville Wright anaulutsa ndege kwa masekondi 12 okha, mtunda wa mamita pafupifupi 37. Oonerera anali asanu. Kunali mphepo yozizira, ndipo nyuzipepala zambiri sizinalabadire nkhaniyo. Mlendo wochokera m'nthawi yathu akanaima pamenepo misozi ili m'maso, koma misoziyo ikanabwera chifukwa cha zimene akudziwa za zaka 120 zotsatira. Chimene maso ake akanaona ndi kachombo ka matabwa ndi nsalu kakudumpha pang'ono n'kuteranso. Ukulu wa tsikulo akanachita kubwera nawo yekha m'mutu mwake.

Ena safuna kukaona chabe, amafuna kukakonza. Awa amatchula Sarajevo, pa 28 June 1914, pamene galimoto ya Franz Ferdinand, wolowa ufumu wa Austria-Hungary, inakhotera msewu wolakwika n'kuima pafupi ndi Gavrilo Princip, mnyamata wa zaka 19 amene anali ndi mfuti m'thumba, ndipo anamuwombera n'kumupha. Amati akanangokuwa kwa dalaivala kuti asakhote, nkhondo yoyamba ya dziko lonse sikanabuka. Mtima umenewu ndi wabwino, koma sindikhulupirira kuti zikanatheka. Maiko a ku Ulaya anali atagawana kale m'magulu awiri, zida ataunjika, ndondomeko zonyamulira asilikali pa sitima zapamtunda atazilemba kale. Udzu unali utauma, ndipo machesi sanali m'thumba la Princip yekha. Akatswiri a sayansi nawonso, ngakhale amavomereza kuti nthawi siyenda mofanana kwa aliyense (mawotchi a pa masetilaiti a GPS amatsogola ndi tizigawo tochepa kwambiri ta sekondi tsiku lililonse, ndipo amayenera kukonzedwa), sanapeze umboni uliwonse woti munthu angabwerere m'mbuyo. Madzi akatayika saoleka. Choncho tiyeni tigwirizane kuti pa ulendo wathu wam'maganizowu, mlendo amaloledwa kuona ndi kumva basi.

Zikakhala choncho, ine ndikanapita kumene cholembera sichinafike, kapena kumene chinafika chili m'manja mwa mbali imodzi yokha.

Chimene chinandikhazikitsa pa maganizo amenewa ndi nkhani ya munthu wotchedwa Merer. Mu 2013, gulu la ofukula zakale lotsogoleredwa ndi Pierre Tallet linapeza zidutswa za mapepala a gumbwa ku Wadi al-Jarf, m'mbali mwa Nyanja Yofiira ku Egypt. Pa mapepalawo panali kaundula wa tsiku ndi tsiku wa kapitawo wina wa m'nthawi ya mfumu Khufu, zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Merer sanali mfumu kapena wansembe. Ntchito yake inali kuyang'anira gulu la anthu onyamula miyala ya laimu pa mabwato, kuchoka nayo ku Tura, kutsidya kwa Nile, kupita nayo ku Giza kumene ankamanga piramidi yaikulu ija. Analemba za tsiku lokweza miyala, tsiku loyenda pamadzi, malo amene anagona, ndipo anatchulanso mkulu wa ntchitoyo, Ankhhaf, m'bale wake wa mfumu. Kwa zaka zambirimbiri anthu akhala akulota za mapiramidi, ena mpaka kunena kuti anamangidwa ndi zolengedwa zochokera kumwamba. Kenako kaundula wa kapitawo mmodzi anatulukira mumchenga, ndipo tinaona anthu wamba akupalasa bwato, akutopa, akulandira chakudya chawo. Ngati mawu a munthu mmodzi wosatchuka angatsegule chitseko chachikulu chotero, tangoganizani kuchuluka kwa zitseko zimene zidakali zotseka chifukwa a Merer a malo ena sanalembe, kapena zimene analemba zinadyedwa ndi chiswe.

Kwina analemba ndithu, koma palibe amene angawerenge. Ku Mohenjo-daro, m'dziko limene lero ndi Pakistan, kunali mzinda wa njerwa zowotcha cha m'nthawi yomweyo ya mapiramidi, wokhala ndi misewu yowongoka, zitsime, ndi ngalande zophimbidwa zochotsa madzi oipa m'nyumba. Anthu ake anasiya tizidindo tamiyala tambirimbiri, tokhala ndi zithunzi za nyama ndi zilembo zochepa, nthawi zambiri pafupifupi zisanu. Chiyambire kufukula malowa m'zaka za m'ma 1920, zilembozo sizinamasuliridwe. Za ku Egypt zinamasulika mu 1822 chifukwa Jean-François Champollion anali ndi mwala wa Rosetta, umene unali ndi uthenga womwewo m'Chigiriki. Ku Mohenjo-daro mwala wotere sunapezeke. Mlendo wathu atangokhala masana amodzi pambali pa wamalonda akuwerengera mnzake chidindo mokweza, ntchito imene yakanika akatswiri kwa zaka 100 ikanayamba kuyenda. Umenewo ndiye ulendo woti munthu ukabwerako, dziko lonse lapindula.

Ulendo wina umene umandikhala pamtima ndi wokaona mwana wina akutemeredwa kumadzulo kwa Africa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Mwanayo atakula anagwidwa ukapolo, ndipo mu 1706 anaperekedwa ngati mphatso kwa m'busa wa ku Boston, Cotton Mather, amene anamutcha Onesimus. Mather atamufunsa ngati anadwalapo nthomba, iye anafotokoza kuti kwawo anamucheka pang'ono pamkono n'kuikapo mafinya ochokera kwa wodwala nthomba, ndipo anamuonetsa chipsera chake. Munthu wotemeredwa motero amadwala pang'ono, kenako matendawo samugwiranso. Mather analembera akatswiri a bungwe la asayansi la Royal Society ku London za nkhaniyi mu 1716. Nthomba itabuka ku Boston mu 1721, dokotala mmodzi yekha, Zabdiel Boylston, ndi amene anavomera kuyesa njirayo, anthu ambiri akumunyoza ndi kumuopseza. Zotsatira zake zinalembedwa: mwa amene anadwala nthomba mwachibadwa, anamwalira pafupifupi mmodzi pa asanu ndi awiri alionse, pamene mwa otemeredwa oposa 240 anamwalira asanu ndi mmodzi okha. Izi zinachitika zaka 75 Edward Jenner asanayese katemera wake mu 1796.

Dzina la Mather tili nalo, la Boylston tili nalo, la Jenner lili m'mabuku a sukulu. Koma dzina limene Onesimus anapatsidwa ndi makolo ake silinalembedwe paliponse. Dzina la munthu amene anagwira kampeni kaja n'kucheka mkono wake silinalembedwe, ngakhale la amene anamuphunzitsa iyeyo. Kumbuyo kwa chipsera chimodzicho kunali mzera wa anthu amene anayang'anitsitsa matenda oopsa, anaona kuti wochira sadwalanso, nalimba mtima kuyesa pa ana awo omwe. Limenelo ndi luso la zachipatala lenileni, ndipo eni ake afufutika m'mbiri. Ndikanakonda kukakhala pansi pafupi nawo tsiku limenelo, ndimve mmene ankafotokozera mayi wa mwanayo kuti asaope, ndione mmene ankasankhira wodwala woti atengeko mafinya, ndimve masiku amene ankauza kholo kuti lidikire.

Pali tsiku lina limene sindingalifune, koma ndimaona kuti wina ayenera kupitako. Mu 1781, chombo cha akapolo chotchedwa Zong, cha amalonda a ku Liverpool, chinanyamuka kugombe la kumadzulo kwa Africa chitapanikiza anthu 442, kuchuluka kopitirira kwambiri mlingo wake. Oyendetsa analakwitsa njira n'kupitirira Jamaica. Kuyambira pa 29 November, anayamba kuponya anthu amoyo m'nyanja, poyamba amayi ndi ana, kenako amuna, onse pamodzi oposa 130. Ena khumi anadziponya okha. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti madzi akumwa anali atatsala pang'ono. Koma panalinso nkhani ya ndalama: kapolo akafa ndi matenda m'chombo, eni ake ankaluza, pamene "katundu" akatayidwa m'nyanja pofuna kupulumutsa wotsalayo, a inshuwalansi ankayenera kulipira. Nkhaniyi inafika m'khoti ku London mu 1783, ndipo sinafike ngati mlandu wakupha. Inafika ngati mkangano wa pakati pa eni chombo ndi a inshuwalansi, wofuna kudziwa amene ayenera kusenza chitayiko. Olaudah Equiano, amene iyenso anali atakhalapo kapolo, anakauza Granville Sharp, Mngelezi wolimbana ndi ukapolo, ndipo Sharp anayesetsa kuti oyendetsa chombocho aimbidwe mlandu wakupha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa.

Zonse zimene tikudziwa za masiku amenewo zinachokera pakamwa pa azungu amene anali m'chombomo ndi maloya a mbali ziwirizo. Mwa anthu oposa 130 aja, palibe dzina ngakhale limodzi limene linalembedwa. Ndipo Zong ndi chombo chimodzi chabe mwa maulendo masauzande ambiri amene ananyamula anthu pafupifupi 12.5 miliyoni kuwoloka nawo nyanja ya Atlantic. Mlandu umene wamvedwa mbali imodzi sunaweruzidwe. Mlendo wathu sangathe kugwira dzanja la woponyayo, tagwirizana kale zimenezo, ndipo n'chifukwa chake ulendowu ndi wolemera kwambiri. Kuima pansi pa chombo mumdima, ukudziwa zimene zichitike mawa, osatha kuchenjeza aliyense, ndi katundu amene mtima wa munthu ungasweke naye. Koma anthuwo ankaitanana maina. Mayi ankatchula mwana wake, mwamuna ankafunsa ngati pali wina wochokera kumudzi kwawo. Wina atapita n'kukamvetsera, n'kubwera ndi maina okhawo, akanachita chinthu chimene khoti la ku London linalephera kuchita.

Wina angandifunse kuti, ukabwerako ndi nkhani zapakamwa zokhazokha, akukhulupirire ndani? Funsoli ndi loona, ndipo ndi lomwe lakhala likufunsidwa kwa anthu onse amene mbiri yawo inasungidwa pakamwa. Koma zapakamwa si zopepuka monga ena amaganizira. Angoni a Zwangendaba ankasimba kuti tsiku limene anawoloka Zambezi, dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera m'mbuyo anapeza kuti kunalidi kadamsana m'dera limenelo mu November 1835, ndipo lero tsiku lowolokalo limadziwika chifukwa cha zimene agogo anasunga m'mutu ndi zimene masamu anatsimikiza. Vuto la mbiri yapakamwa si bodza. Vuto lake n'lakuti unyolo wake ukaduka pamalo amodzi, kaya ndi nkhondo, mliri kapena kusamuka, zonse za m'mbuyo zimapita.

Ndiye ngati ulendo ndi umodzi, wanga ukanathera ku Great Zimbabwe, pafupi ndi kumene lero kuli Masvingo.

Mzinda umenewu unamangidwa pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 1100 mpaka m'ma 1400. Makoma ake ndi a miyala yosemedwa, yosanjikizidwa popanda matope kapena china chilichonse chomatira. Linga lalikulu la m'chigwa limazungulira mamita pafupifupi 250, ndipo pena limatalika kufika mamita 11. M'kati mwake muli nsanja yamiyala yosongoka kumwamba, yopanda khomo, yopanda chipinda. Pamalopa panapezeka mbalame zisanu ndi zitatu zosemedwa pamwala wofewa, zoumbaumba za ku China ndi ku Persia, mikanda yagalasi, ndi ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, mzinda wamalonda wa kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania. Zimenezi zikusonyeza kuti golide ndi minyanga zochokera kuno zinkatsikira kugombe la nyanja ya Indian, n'kukafika kutali kumene eni ake sanapondeko.

Chimene chimandipweteka ndi zimene zinachitikira malowa pambuyo pake. Karl Mauch atafikako mu 1871 anaganiza kuti wapeza nyumba ya mfumukazi ya ku Seba. Theodore Bent mu 1891 anati omanga anali alendo ochokera kutali, monga Afoinike kapena Aluya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Richard Hall anakumba n'kutaya dothi lambiri la m'kati mwa malinga, pofunafuna umboni wa alendo amene sanakhaleko, ndipo m'dothi lotayidwalo ndi mmene munali mbiri ya eni mzinda. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafufuza mosamala n'kunena poyera kuti mzindawu unamangidwa ndi anthu a mu Africa momwemo, makolo a Ashona. Ngakhale zinali choncho, boma la azungu la Rhodesia linapitiriza kukakamiza kuti mabuku a alendo asanene zimenezi momveka, ndipo katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kubisa choonadi. Mu 1980 dziko linatenga dzina lake kuchokera pa mabwinjawa, ndipo mbalame ija inakwera pa mbendera.

Funso la amene anamanga linayankhidwa. Amene atsala ndi mafunso amene miyala singayankhe. Nsanja yopanda khomo ija inkatanthauza chiyani kwa amene ankaidutsa tsiku ndi tsiku? M'linga lalikulu munkakhala mfumu, akazi ake, kapena munkachitikira zina? Mbalame iliyonse inkaimira mfumu yakeyake, monga akatswiri ena amaganizira? Mmisiri amene anaika mzere wa miyala yokhotakhota pamwamba pa khoma anaphunzira kwa yani, ndipo ankalipidwa motani? Mafunso otere sangayankhidwe ndi ulendo wa tsiku limodzi. Apa ndi pamene ndimasiyana kwambiri ndi amene amasankha mphindi imodzi yaulemerero. Mlendo akanafunika kukhala miyezi, aphunzire chilankhulo cha nthawiyo, azolowereke mpaka anthu asiye kumuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo sindikanasankha zaka zimene mzindawu unali pachimake. Ndikanasankha cha m'ma 1450, pamene anthu anayamba kuuchoka. Akatswiri amatchula zifukwa zingapo: msipu ndi nkhuni kuchepa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi ng'ombe, njira za malonda a golide kusunthira kumpoto cha ku Zambezi, ndi mikangano ya ufumu. Mbiri yapakamwa imasimba za Nyatsimba Mutota, amene anapita kumpoto kukafuna mchere n'kukayambitsa ufumu wa Mutapa, pamene kumadzulo kunakula mzinda wina wamiyala, Khami. Zonsezi zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Koma anthu sasiya makoma amene makolo awo anamanga kwa zaka mazana atatu popanda kukangana. Panali misonkhano. Panali akuluakulu amene anati ife sitichoka, manda a makolo athu ali pano. Panali achinyamata amene anali atamva za dziko la kumpoto ndipo mitima yawo inali itapita kale. Panali amayi amene ankadziwa bwino kuposa aliyense kutalika kwa ulendo wokatola nkhuni chaka chimenecho poyerekeza ndi zaka khumi m'mbuyomo, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu awo analemera pa chigamulocho. Ndikanafuna kumva mbali zonsezo, makamaka ya amene anatsala, chifukwa ena anatsaladi, ndipo anthu anapitiriza kukhala pamalopo ndi kuwalemekeza kwa zaka zambiri ufumu utasamuka.